China ndi India amatipatsa chimene tapempha

Chiyambireni pamene boma la America linaimitsa thandizo lake lakunja mu Januwale 2025, kenako n'kutsekeratu bungwe la USAID pakati pa chaka chomwecho, pali mawu amene akumveka paliponse mu Lilongwe muno. Uwamva mu minibasi ya ku Area 25, uwamva kwa ogwira ntchito ku Capital Hill pa nthawi ya nkhomaliro, uwamvanso kwa oimba foni pa wailesi madzulo: "Asiyeni azipita azunguwo, China ilipo." Ena amatchulanso India, ena mayiko a Aluya. Ndikumvetsa chifukwa chake mawuwa amakoma m'khutu, pakuti tatopa nako kulangizidwa ngati ana. Komabe ndikukana kuti China kapena India abwera kudzatseka dzenje limene America wasiya. Mayiko amene akukwera kumene pa chumawa amabweretsa zinthu zamtundu wina, ndipo zimene taona kuyambira 2008 zikuloza kumodzi: amatipatsa chimene tapempha. Tikapempha msewu, msewu umabwera. Tikapempha hotela, hotela imabwera, ngongole yake ili pambuyo. Ubwino kapena kuipa kwa thandizo lawo kumayambira pa Mmalawi amene wakhala patebulo lokambirana, ndipo nthawi zambiri Mmalawi ameneyu wakhala akupempha zosayenera.

Nkhani ya China siinayambe ndi Bingu. Mu 1964, patangopita miyezi iwiri chilandirireni ufulu, imodzi mwa mfundo zimene zinagawanitsa Kamuzu ndi nduna zake inali yomweyi. Kazembe wa China ku Dar es Salaam anali atalonjeza mapaundi 18 miliyoni ngati Malawi avomereza boma la ku Beijing. Kanyama Chiume ndi anzake ankafuna kuti tilandire, Kamuzu anakanitsitsa, ndipo mu 1966 anamanga ubale ndi Taiwan. Britain itakana kupereka ndalama zosamutsira likulu kuchoka ku Zomba, analunjika ku South Africa ya tsankho n'kubwerako ndi ngongole ya marandi 8 miliyoni. Ndi mmene ntchito yomanga likulu latsopano inayambira, likululo n'kusamuka mu 1975. Ndiye kuti mzinda umene tikukhalawu ndi umboni woyamba woti mwini thandizo wakale akati ayi, pamapezeka wina amene amati inde, ndipo malipiro ake amakhala andale. Kamuzu analipira ndi kusalidwa ndi mayiko anzathu a mu Africa.

Pa 28 Disembala 2007 boma la Bingu wa Mutharika linasaina ubale ndi Beijing, n'kudzalengeza mu Januwale 2008. Taiwan, amene anatimangira chipatala chachikulu cha Mzuzu, analongedza patatha zaka 41. Zimene zinatsatira aliyense akuziona ndi maso: Nyumba ya Malamulo imene inatsegulidwa mu 2010, msewu wa Karonga kupita ku Chitipa, sukulu yaukachenjede ya MUST ku Thyolo imene inayamba kulandira ophunzira mu 2014, malo a misonkhano a BICC pamodzi ndi hotela yake, ndi bwalo la zamasewero la Bingu ku Area 48 limene linatsegulidwa mu 2017.

Zina mwa izi n'zofunika kuziyamikira popanda kuluma mano. Amene anayendako ku Chitipa nthawi ya dzinja phula lisanathiridwe amakumbukira malole ogona m'matope, chimanga ndi nyemba zikuwolera m'matumba, odwala akufera panjira ya ku Karonga. Aphungu athu analibe nyumba yawoyawo mu Lilongwe, ankasonkhana m'holo ya ku State House, m'nyumba ya munthu yemweyo amene amayenera kumufunsa mafunso. Mayiko ambiri a azungu m'zaka zimenezo sankakonda kumva za simenti ndi phula. Ndalama zawo zambiri zinkapita ku zaumoyo, maphunziro, ulamuliro wabwino ndi misonkhano yosatha. China anabwera ngati munthu amene umphawi amaudziwa, amene chiyambireni 1978 watulutsa anthu pafupifupi 800 miliyoni mu umphawi wadzaoneni, ndipo amakhulupirira kuti chitukuko chimayamba ndi msewu, magetsi ndi fakitale. Anasonyezanso zimenezi kalekale akadali wosauka, pamene anamanga njanji ya TAZARA ya makilomita 1,860 pakati pa 1970 ndi 1975, azungu atakana kuthandiza Nyerere ndi Kaunda. Pa mfundo imeneyi China ananena zoona, ndipo ngakhale a Banki Yaikulu Padziko Lonse anabwereranso ku misewu ndi magetsi.

Tsono tiyeni tione mndandanda uja kachiwiri. Nyumba ya Malamulo inali mphatso. Koma BICC, hotela ndi nyumba za alendo apamwamba zija zinamangidwa ndi ngongole ya pafupifupi $90 miliyoni, bwalo la ku Area 48 ndi ngongole ina ya pafupifupi $70 miliyoni. Changu chomangira BICC chinali choti tilandire msonkhano wa atsogoleri a African Union mu Julaye 2012. Msonkhanowo sunachitike kuno, unasamukira ku Addis Ababa boma la Joyce Banda litakana kulandira Omar al-Bashir, mtsogoleri wa Sudan pa nthawiyo. Bwalo lija linatsegulidwa m'nthawi imene magetsi ankazima tsiku lonse, okonza mageti ku Biwi ndi ometa ku Mchesi atangokhala manja lende kudikira kuti ayake usiku. Dziko limene munthu mmodzi yekha mwa anthu khumi ndiye anali ndi magetsi, limene mphamvu yake pafupifupi yonse inkachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, linapita kukabwereka ndalama zomangira malo ochitira maphwando ndi oonerera mpira. Mpira ndimaukonda, ndipo ndikudziwa kuti popanda bwalo lija Flames ikanamasewera masewero ake apakhomo kudziko la eni. Koma palibe wa ku Beijing amene anatikakamiza kuti tiyambe ndi zimenezi. Tinasankha tokha, chifukwa nyumba yayitali imaoneka pa chithunzi cha kampeni ndipo imalandira dzina la mtsogoleri.

Nkhani imene imandiwawa kwambiri ndi ya India. Boma linabwereka $50 miliyoni ku banki ya Exim ya ku India, ndipo gawo la ndalamazo linagula mathirakitala 177 ndi makina 144 otong'olera chimanga. Cholinga cholembedwa chinali choti alimi ang'onoang'ono asiye kudalira khasu. Aphungu anavomereza ngongoleyo m'dzina la mayi wa ku Mitundu amene amadzuka tambala woyamba kukagaula, mwana ali kumbuyo, n'kubwerako dzuwa lili paliwombo msana utauma. Mayi ameneyo thirakitala sanaione. Zambiri mwa zipangizozo zinagulitsidwa pamtengo wozizira kwa andale, akuluakulu a m'boma ndi anthu ena ochita bwino kale. Mu 2016 ofesi ya Ombudsman, yofufuza madandaulo a anthu pa ntchito za boma, imene nthawi imeneyo inkatsogoleredwa ndi a Martha Chizuma, inafufuza n'kupeza kuti kagulidwe ndi kagulitsidwe kake kanali kosatsata malamulo. Boma linalimbana ndi lipotilo m'makhothi mpaka bwalo lalikulu la apilo linagamula mu 2019 kuti Ombudsman sanalakwe. Chimene anthu analandira ndi kupepesa kolembedwa m'nyuzipepala. Ngongole ija inatsala pamutu pa tonsefe, ndipo mayi wa ku Mitundu uja amaibweza nawo kudzera mumsonkho umene amalipira akagula sopo ndi mafuta ophikira. India anapereka chimene tinapempha. Amene anaba mathirakitala ndi Amalawi, ovala masuti, odziwa kulemba.

Ngongole inanso ya ku India inamanga nkhokwe zosungira mafuta agalimoto ku Kanengo, ku Matindi ndi ku Sonda. Ganizo lake linali labwino. Koma aliyense amene wagonapo pamzere wa petulo mumzinda uno, galimoto zitandandalika kudutsa maraundabauti awiri, akabaza akukankha njinga zawo zamoto, akudziwa kuti nkhokwe siibala mafuta. Mafuta amafuna madola, ndipo madola amabwera ukagulitsa katundu kunja. Tinamanga posungira tisanakonze chotipezera choti tisunge.

Pali anzanga amene amati ubwino wa China ndi India ndi woti samatiikira malamulo. Izi n'zoona mbali imodzi yokha. Lamulo loyamba la Beijing tinalikwaniritsa tsiku limene tinatsanzikana ndi Taiwan. Ntchito zomangidwa ndi ndalama za China zimapita ku makampani a ku China. Ngongole za India zimafuna kuti magawo 75 pa 100 alionse a katundu ndi ntchito agulidwe ku India komweko. Pita pamalo pamene akumanga, uone amene wagwira pulani ndi amene wasenza thumba la simenti. Sindikuwada nazo, dziko lililonse limasamala ana ake, ndipo America nayenso ndalama zake zambiri zinkadutsa m'makampani ndi mabungwe akwawo. Chimene samatifunsa ndi cha kayendetsedwe ka dziko: amene tamumanga, amene tamuombera, ndalama zimene zasowa. Kwa wolamula, kusafunsidwa kumeneku n'kokoma. Kwa wolamulidwa, tikumbuke kuti maepiskopi atalemba kalata yawo mu Malichi 1992, chimene chinafooketsa Kamuzu ndi pamene mayiko othandiza anakumana ku Paris mu Meyi n'kuimitsa thandizo lonse losakhudza ngozi ndi njala. Riferendamu ya pa 14 Juni 1993 inabadwa ndi kulimba mtima kwa Amalawi, koma chitseko chinakankhidwanso ndi ndalama zimene zinaima. Mu 2013, Cashgate itaululika, ndi othandiza omwewo amene anaumirira kuti mabuku afufuzidwe.

Sindikuti malamulo a azungu anali abwino onse. Ndondomeko zawo za m'ma 1980 ndi 1990 zinafooketsa ADMARC, zinatseka makampani, ndipo pulogalamu ya feteleza wotsika mtengo ya 2005 Bingu anaiyamba iwo akukana. Mfundo yanga ndi yoti kale panali wina wakunja amene ankatifunsako mafunso, nthawi zina oyenera, nthawi zina achipongwe. Pa ubale ndi China, India kapena Aluya wofunsayo palibe. Ntchito yofunsa yatsalira aphungu, atolankhani, Ombudsman, mkulu wowerengera chuma cha boma, ndi ife ovota.

Pa za ngongole, ndiyenera kuikira kumbuyo China pang'ono, chifukwa pali ulesi wina woganiza umene umangoti tagwa mumsampha wa Matchaina. Mu 2006 tinakhululukidwa ngongole zakunja za pafupifupi $3 biliyoni. Pofika 2022 tinali titamiranso. China ndi India ndiwo akulu pakati pa maboma amene tili nawo ngongole, koma zimene zinatitsamwitsa kwenikweni ndi ngongole zodula za ku Afreximbank ndi Trade and Development Bank, mabanki a mu Africa momwe muno, zimene tinatenga pofuna kupeza madola a mafuta ndi feteleza, kuphatikizapo ngongole zamkati zimene boma limatenga m'mabanki athu pa chiwongoladzanja chokwera. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mgwirizano wa $175 miliyoni ndi IMF umene unavomerezedwa mwezi womwewo unatha mu Meyi 2025 titangolandirapo gawo loyamba. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chinakonzedwa ku Beijing.

Tsopano tifike pa dzenje lija. Pitani m'mamawa pachipatala chilichonse chaching'ono cha mumzinda uno tsiku lolandira ma ARV. Amayi ndi abambo akhala pamabenchi, timabuku tawo takuchipatala titakulungidwa m'majumbo kuopa mvula. Pali kalaliki amene amalemba pakompyuta, pali mlangizi amene amalondola amene wasiya kumwa mankhwala mpaka kwawo, pali mnyamata wanjinga yamoto amene amanyamula magazi m'bokosi lozizira kupita nawo kokawapima. Ambiri mwa anthu amenewa malipiro awo ankachokera ku America, ndipo mankhwalawo gawo lalikulu limagulidwa ndi Global Fund, thumba la padziko lonse lolimbana ndi Edzi, TB ndi malungo. Amalawi pafupifupi miliyoni imodzi ali ndi kachilombo ka HIV. Thandizo lamtunduwu silioneka pamsewu, lilibe chikwangwani, limafunika mwezi ndi mwezi mpaka kalekale. China amatumiza madokotala, amapereka zipangizo, amamanga zipinda, koma kulipira mlangizi ndi kugula mankhwala a miliyoni ya anthu chaka ndi chaka si kachitidwe kake, ndipo sananenepo kuti adzatero. Britain nayenso analengeza mu Febuluwale 2025 kuti achepetsa thandizo lake. Amene akuti "China ilipo" akulonjeza odwala chinthu chimene mwini wake sanalonjeze. Dzenje limeneli lidzatsekedwa ndi bajeti yathu, apo ayi lidzatsekedwa ndi maliro.

Chodabwitsa n'chakuti mphatso yaikulu imene dziko lokwera kumene linapatsapo Malawi ili m'kabotolo ka ma ARV komwe odwala aja amaika m'chikwama. Mu 2001 kampani ya Cipla ya ku India inalengeza kuti ikhoza kugulitsa ma ARV pa $350 pachaka kwa munthu mmodzi, pamene makampani a azungu ankafuna ndalama zoposa $10,000. Mtengo utagwa choncho, zinatheka kuti Malawi ayambe kupereka mankhwalawa mwaulere mu 2004. Mpaka lero ma ARV ambiri amene amamwedwa mu Africa amapangidwa ku India. Panalibe ngongole, panalibe riboni yodula, koma midzi imene inkaika maliro sabata ndi sabata inapuma. Apa ndi pamene pali mphamvu yeniyeni ya China ndi India: amadziwa kupanga zinthu zotsika mtengo zoyenera anthu osauka, ndipo ali ndi misika ya anthu oposa biliyoni imodzi aliyense.

Msika umenewu tinaulawa kale, kukoma kwake ndi kuwawa kwake komwe. Alimi a kummwera analimbikira nandolo chifukwa India ankagula. Mu 2017 India, atakolola zambiri kwawo, anachepetsa nandolo wolowa kuchokera kunja, ndipo mtengo kuno unagweratu. Alamu anga a ku Phalombe anandiuza chaka chimenecho kuti, "Alamu, nandolo ndangomusiya m'munda, ndalama yolipira aganyu okolola ikuposa imene ndingapeze kumsika." Mozambique sanavutike chimodzimodzi chifukwa anali atasainirana kale mgwirizano ndi India. Ife wathu unabwera mu 2021, wa matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu. Pepala limodzi limenelo lili ndi phindu kwa mlimi kuposa mathirakitala onse aja, ndipo silinatisiyire ngongole. China nayenso kuyambira pa 1 Disembala 2024 anachotsa msonkho wolowetsera katundu yense wochokera kumayiko osaukitsitsa amene ali naye paubale, Malawi ali momwemo. Chitseko n'chotsegula. Vuto ndi loti tilibe zokwanira zolowa nazo: soya, mtedza, makademiya ndi tsabola wathu amafuna kuyezedwa, kusankhidwa, kupakidwa bwino ndi kufika padoko la Nacala kapena Beira pamtengo wopikisana ndi ena. Mtedza wa ku Mchinji ndi Kasungu unataya misika ya kunja chifukwa cha chuku, ndipo chuku sichitha ndi hotela.

Brazil nayenso ali ndi phunziro limene sitinalitole mokwanira. Kwawoko lamulo limati gawo la ndalama zodyetsera ana m'sukulu ligule chakudya kwa alimi ang'onoang'ono a m'deralo. Njira imeneyi inayesedwa ku Mangochi ndi ku Phalombe mothandizana ndi WFP ndi FAO, mabungwe a United Nations oona za chakudya ndi ulimi: mwana amadya, mlimi wapafupi amapeza msika, ndalama imazungulira m'mudzi momwemo. Thandizo lake linali nzeru yoyesedwa kale m'dziko limene njala limaidziwa. Zoterezi sitizithamangira chifukwa mulibe kontilakiti yaikulu yodyapo.

Ndiye ndikufuna kuti tisinthe zimene timanyamula popita ku Beijing ndi ku Delhi. Ngongole iliyonse iyankhe kaye funso limodzi: kodi chimene tikumangachi chidzabweretsa madola obwezera, kapena chidzachepetsa madola amene timataya? Magetsi, ulimi wamthirira, njanji, malo oyezera mbewu, fakitale yosenda nandolo kuti tizigulitsa wokonzakonza, zonsezi zimayankha funsoli. Nyumba ya maofesi siiyankha, ndipo ngati wina akufuna kutipatsa, ikhale mphatso. Mgwirizano uliwonse ulembemo kuti ndi mainjiniya angati achimalawi amene adzagwire ntchito pambali pa alendowo, ndi ana angati a MUST ndi a m'makoleji a ntchito zamanja amene adzaphunzirepo, komanso ndalama zokonzetsera chinthucho chikayamba kutha zidzachokera kuti. China yemweyo ndi mmene anachitira ndi makampani a ku Japan, Germany ndi America: anawalola kulowa, koma anaumirira kuti luso litsale. Sangadabwe ife titapempha chimodzimodzi, ndipo akakana, pali India, Turkey, Korea ndi ena amene akufunanso malo mu Africa.

Chinanso ndi kuwala. Malamulo athu amafuna kuti ngongole ya boma ivomerezedwe ndi Nyumba ya Malamulo, koma mabilu a ngongole kawirikawiri amadutsa mothamanga, aphungu ambiri asanaone mgwirizano weniweniwo, chiwongoladzanja chake, chikole chake ndi amene wapatsidwa ntchito. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Atolankhani ndi mabungwe aligwiritse ntchito pa mgwirizano uliwonse wa ngongole, wakale ndi watsopano, ndipo unduna wa zachuma uziika mapepalawo poyera usanafunsidwe. Mathirakitala aja anasowa chifukwa kunalibe mlimi amene ankadziwa kuti ndi ake.

Pa msonkhano wa China ndi mayiko a mu Africa wa mu Seputembala 2024, Beijing analonjeza mayuani 360 biliyoni, pafupifupi $50 biliyoni, kwa zaka zitatu. Mayiko amene amapita ndi mapulani okonzeka, owerengedwa bwino, ndi amene amatapa zambiri. Msonkhano wotsatira udzachitikira ku Congo-Brazzaville mu 2027, ndipo mgwirizano wa nandolo ndi India malire ake ndi 2026. Ndikupempha komiti ya aphungu yoona za bajeti ndi yoona za ubale ndi mayiko ena kuti aitanitse nduna zokhudzidwa, mndandanda wa zimene Malawi akufuna kukapempha uwerengedwe poyera, ndipo alimi a nandolo, a soya, amalonda ang'onoang'ono ndi ogwira ntchito zachipatala anenepo maganizo awo nthumwi zathu zisanakwere ndege.